Kamera ya Foni M'manja mwa Mlangizi: Manambala Ofunika ndi Manambala Onyenga

Kale mlangizi akapeza kachilombo kachilendo m'munda wa mlimi ankakaika m'kabotolo ka sipiriti, n'kulemba tsiku ndi dzina la mudzi pa kapepala, kenaka n'kudikira galimoto yopita ku malo a kafukufuku monga Chitedze, Mount Makulu kapena Sussundenga. Yankho linkabwera patapita masabata, ndipo nthawi zina linkafika mbewu zili kale m'nkhokwe. Masiku ano ntchito ya kabotolo kaja ikugwiridwa ndi foni ya m'manja. Kusinthaku kunaonekera kwambiri pamene mbozi ya ntchemberezandonda ya mtundu watsopano, Spodoptera frugiperda, yomwe kwawo ndi ku America, inapezeka kumadzulo kwa Africa m'chaka cha 2016. Pofika kumayambiriro kwa 2017 mboziyi inali itafalikira ku Zambia, Malawi, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, ndipo mu December chaka chomwecho boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Alangizi ambiri anayamba kuidziwa mboziyi pa chithunzi cha pa foni asanaigwire ndi manja.

Komabe chithunzi chili ndi mbiri ziwiri. Katswiri amene wachilandira angathe kunena msanga kuti vuto ndi lakuti, kapena angathe kungoona chinthu chobiriwira chachimbuuzi chomwe sichimuuza kanthu. Zikatero mlimi amagula mankhwala olakwika, kapena amazula chinangwa chopanda matenda, kapenanso amagawira anzake mbewu yodwala. Kawirikawiri mlangizi amaloza chala foni yake kuti ndi yotsika mtengo, ndipo akapeza ndalama amathamangira kusitolo kukafuna ina yokhala ndi nambala yaikulu pa bokosi. Nambala imeneyo ndiyo yoyamba kuikayikira.

Ma megapixel ndi mutu wa mbozi

Chithunzi cha foni ndi timadontho tambirimbiri toyalidwa m'mizere. Timadontho 1,000,000 ndito timapanga megapixel imodzi. Kamera ya ma megapixel 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Foni ya Sharp J-SH04 yomwe inatuluka ku Japan m'chaka cha 2000, imodzi mwa mafoni oyambirira kukhala ndi kamera, inali ndi megapixel yosakwana n'imodzi yomwe, 0.11 basi. Nokia 808 ya mu 2012 inafika pa 41, ndipo mu 2021 kampani ya Samsung inalengeza kachipangizo ka ma megapixel 200. Nambalayi yakhala ikukwera chifukwa ndi yosavuta kuilemba pa bokosi ndiponso wogula amaimva msanga.

Funso loyenera kwa mlangizi ndi lakuti: kodi ndi timadontho tingati tomwe tagwera pa chinthu chimene katswiri akufuna kuona? Mbozi ya ntchemberezandonda yatsopanoyi imasiyanitsidwa ndi kapuchi ndi mbozi zina poona zizindikiro ziwiri. Pamutu pake pali mzere wotuwa wooneka ngati chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira, pa mfundo yachiwiri kuchokera kumapeto, pali timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya zinayi za nyumba. Mutu wa mbozi yokhwima sufika mamilimita atatu m'lifupi. Mlangizi akaima chapatali n'kujambula phesi lonse, mwakuti chithunzi chatenga malo a mita imodzi, kamera ya ma megapixel 12 imapereka timadontho tinayi tokha pa milimita iliyonse. Mutu wonse wa mbozi umakhala timadontho khumi, ndipo chilembo cha Y sichingaoneke. Ngakhale kamera ya ma megapixel 50 pa mtunda womwewo imangopereka timadontho tisanu ndi titatu pa milimita. Koma foni yakale ya ma megapixel 8, itayandikira mpaka chithunzi chitatenga malo a masentimita 10 okha, imapereka timadontho toposa 30 pa milimita iliyonse. Motero foni yakaleyo yapambana yatsopano ija pafupifupi kanayi, popanda kuwonjezera khobidi.

Kukoka chinthu ndi zala pa galasi la foni sikulowa m'malo mwa kuyandikira. M'mafoni ambiri kukokaku kumangodula mbali za chithunzi n'kufufumitsa chapakati, ndipo timadontho tomwe kamera sinagwire sitingabadwe mwa njira imeneyi. Mafoni okhala ndi diso lapadera lokokera zinthu zakutali, lolembedwa 2x kapena 3x, ndiwo okha amene amakoka moona, ndipo amatero pa nambala yolembedwayo basi.

Munda ndi mapuloti ake

Kuseri kwa diso la kamera kuli kachipangizo kosalala kotchedwa sensa, komwe kamalandira kuwala n'kukusandutsa mphamvu ya magetsi. Mtundu wa sensa umene uli m'mafoni a lero, wotchedwa CMOS, unakula kuchokera ku ntchito ya Eric Fossum ndi anzake ku Jet Propulsion Laboratory ya NASA kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kukula kwa sensa ndiko kumene kumalamulira kuchuluka kwa kuwala kumene kamera ingakolole, ndipo nambala imeneyi, ngakhale ndi yofunika kuposa ma megapixel, imalembedwa m'malembo ang'onoang'ono kapena osalembedwa n'komwe.

Imalembedwanso mosokoneza. Wogula amaona 1/3", 1/2" kapena 1/1.3", ndipo nambala ya pansi ikamachepa ndiye kuti sensa ikukula. Muyeso wa "inchi" umenewu ndi cholowa cha machubu a makamera akale a wailesi yakanema, ndipo sugwirizana ndi inchi ya pa rula. Sensa yotchedwa ya inchi imodzi ndi ya mamilimita 13.2 m'litali ndi 8.8 m'lifupi, pomwe ya 1/3" ndi ya mamilimita pafupifupi 4.8 ndi 3.6. Yoyambayo imaposa inzakeyo kasanu ndi kamodzi ndi kupitirira pa kukula kwa malo olandirira kuwala.

Aliyense amene anayendetsapo munda wa kafukufuku amadziwa kale mfundo yake. Ekala imodzi ikagawidwa m'mapuloti 12, puloti iliyonse imapereka zokolola zodalirika. Ekala yomweyo ikagawidwa m'mapuloti 200, munda sunakule, ndipo timapuloti take timachepa mwakuti chulu chimodzi kapena mapesi awiri odyedwa ndi chiswe amasintha zotsatira zonse. Timadontho ta sensa n'chimodzimodzi. Kadontho kakang'ono kamalandira kuwala kochepa, ndipo kusiyana kwangozi pakati pa kadontho ndi kanzake kumaoneka pa chithunzi ngati mchenga wowazidwa. Opanga mafoni amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaphatikiza mapuloti. Sensa ya Sony IMX586 yomwe inalengezedwa mu 2018 ili ndi ma megapixel 48, kadontho kalikonse n'ka 0.8 µm, kutanthauza kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pojambula, foni imasonkhanitsa timadontho tinayi kukhala kamodzi ka 1.6 µm n'kutulutsa chithunzi cha ma megapixel 12. Njirayi ndi yanzeru ndithu ndipo imathandiza pamene kuwala kwachepa, koma zikutanthauza kuti mwini foni ya 48 kapena 50 tsiku ndi tsiku amajambula zithunzi za 12 kapena 12.5. Palibe chimene wamubera, kungoti nambala ya pa bokosi sinamuuze zonse.

Masana kunja kuli dzuwa, kusiyana kwa sensa yaikulu ndi yaing'ono sikuoneka kwenikweni. Kumaonekera m'nkhokwe, m'chigafa cha fodya, pansi pa mitengo ya nthochi, ndi m'mawa kwambiri kapena madzulo, zomwe ndi nthawi zimene mbozi zimatuluka m'malo obisala.

Khomo la kuwala ndi vuto la kuyandikira

Nambala ina yolembedwa pa bokosi imayamba ndi chilembo cha f, monga f/1.8 kapena f/2.4. Imeneyi imanena za kukula kwa khomo lolowera kuwala, ndipo nayonso imayenda chobwerera: nambala yaing'ono ndiyo khomo lalikulu. Kamera ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi ya f/2.4. M'mafoni ambiri khomoli silisintha. Kuwala kukachepa foni imatalikitsa nthawi yomwe sensa ikulandira kuwala, ndipo m'nthawi imeneyo dzanja likanjenjemera chithunzi chimachita chimbuuzi. Mafoni olembedwa OIS ali ndi kachipangizo kosuntha diso la kamera pofuna kuthana ndi kunjenjemera kwa dzanja. Koma OIS siimitsa mphepo. Tsamba la chimanga likamavina, kapena mbozi ikamayenda, chithunzi chimaonongeka ndithu ngakhale foni itakhala ya mtengo wa ng'ombe. Kuthyola tsambalo n'kuliyala pa chikuto cha kope kumathandiza kuposa chipangizo chilichonse.

Apa pali chodabwitsa chimene ogulitsa mafoni satchula. Sensa yaikulu ndi khomo lalikulu, zomwe ndi zabwino pa kuwala, zimabwera ndi mtengo wake pa ntchito ya mlangizi. Choyamba, zimachepetsa kuya kwa malo ooneka bwino. Pojambula m'kati mwa nsonga ya chimanga, momwe masamba atsopano amatulukira, ndowe za mbozi zooneka ngati utuchi zingaoneke bwino pomwe mbozi yeniyeniyo, yomwe ili masentimita awiri pansi pake, yachita mbuu. Chachiwiri, diso lalikulu la mafoni apamwamba kawirikawiri limalephera kulunjika pa chinthu chimene chayandikira kwambiri, pafupifupi masentimita 10 kutsika m'munsi. Mlangizi akapitirira malirewo, foni imalunjika pa dothi la kumbuyo n'kusiya kachilombo kali chimbuuzi. Pa galasi laling'ono la foni, padzuwa, vutoli silioneka. Limaonekera kwa katswiri amene watsegula chithunzicho pa kompyuta. Choncho mtunda waufupi umene kamera ingalunjike ndi nambala imene mlangizi ayenera kuidziwa pa foni yake, ndipo popeza siilembedwa pa bokosi, aipeze yekha pojambula malembo a nyuzipepala ali ndi rula pambali.

Nkhani ya nankafumbwe ikuonetsa kufunika kwake. Nankafumbwe wamba wa m'chimanga, Sitophilus zeamais, ndi nankafumbwe wamkulu, Prostephanus truncatus, amene analowa ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kufalikira m'maiko oyandikana nawo, onse ndi a mamilimita atatu kapena anayi. Woyambayo ali ndi mlomo wautali wosongoka. Wachiwiriyo alibe mlomo wotero, mutu wake umabisala pansi, ndipo kumbuyo kwake n'kodukiza ngati wadulidwa ndi mpeni. Wachiwiriyu amaboola ngakhale makaka a chinangwa ndi mitengo ya nkhokwe, motero malangizo kwa mlimi amasiyana. Chithunzi chosalunjika bwino chimangoonetsa kadontho kakuda pa njere.

Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi maso atatu kapena anayi kumbuyo, ndipo limodzi limalembedwa kuti macro, kutanthauza lojambulira zinthu zazing'ono pafupi. Pano mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu ukugwira ntchito. Kawirikawiri diso limeneli ndi la ma megapixel awiri okha, sensa yake ndi yaing'ono zedi, ndipo limalunjika pa mtunda umodzi wokha, pafupifupi masentimita anayi, pomwe foni yomweyo imatchinga kuwala ndi mthunzi wake. Diso lina, lolembedwa depth, silijambula chithunzi n'komwe; ntchito yake ndi kuthandiza foni kuchititsa chimbuuzi kumbuyo kwa nkhope ya munthu. Macro yodalirika ndi imene imatha kusintha kulunjika kwake yokha, monga ya iPhone 13 Pro ya mu 2021 yomwe imalunjika pa masentimita awiri. Kwa amene alibe foni yotere, galasi lokulitsa la m'manja la 10x, lomwe alangizi akale ankalikoleka m'khosi, likagunditsidwa pa diso lalikulu la foni limatulutsa chithunzi chabwino kuposa macro ya ma megapixel awiri.

Foni yokongoletsa masamba

Sensa payokha siiona mitundu. Pamwamba pake pamayalidwa tisefa tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, m'dongosolo limene Bryce Bayer wa ku kampani ya Kodak analembetsa m'chaka cha 1976: theka la timadontho limalandira kuwala kobiriwira, ndipo theka linalo ligawana pakati pa kofiira ndi kwabuluu. Mtundu umene umaoneka pa chithunzi ndi zotsatira za masamu amene foni yachita, ndipo masamuwo anakonzedwa ndi anthu amene cholinga chawo n'chakuti wogula akondwere. Mafoni a lero amajambula zithunzi zingapo m'kanthawi kochepa n'kuziphatikiza, amawalitsa malo amdima, amafufuta timadontho tooneka ngati mchenga, ndipo amanola m'mphepete mwa zinthu. Kampani ya Transsion, yomwe imapanga Tecno, Infinix ndi itel, inatchuka mu Africa mwa zina chifukwa chokonza makamera ake kuti azijambula bwino nkhope za anthu akhungu lakuda. Imeneyi ndi ntchito yotamandika, koma ikusonyeza kuti kamera ya foni imakonzedwera nkhope, chakudya ndi kulowa kwa dzuwa. Palibe amene anaikonzera tsamba la chinangwa.

Pa kuzindikira matenda a mbewu, kukongoletsa kumeneku n'koopsa kuposa chimbuuzi, chifukwa chithunzi chachimbuuzi katswiri amachikana, pomwe chokongoletsedwa amachikhulupirira. Mafoni ambiri ali ndi batani lolembedwa AI lomwe likazindikira kuti kutsogolo kuli zomera limawonjezera kubiriwira. Chimanga chosowa nayitrojeni chimayamba chikasu pa masamba akale a m'munsi, kuchokera kunsonga kutsata msempha wapakati. Chosowa potashi chimapsa m'mbali mwa tsamba, chosowa fosifolasi chimachita mtundu wa pepo, ndipo chosowa zinki chimaonetsa mizere yotuwa pa masamba atsopano. Poyambirira zizindikiro zonsezi zimakhala zofooka, ndipo foni ikathira kubiriwira zimazimiririka. Matenda a chinangwa ooletsa mizu, omwe anafotokozedwa koyamba ndi H. H. Storey ku Amani m'dziko la Tanzania m'chaka cha 1936 ndipo amavuta m'mbali mwa Nyanja ya Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, amaoneka ngati chikasu chopyapyala chotsata timisempha ta masamba akale, tsamba osapindika. Khate la chinangwa limapinda ndi kukwinya masamba, motero silivuta kuliona pa chithunzi chilichonse. Ooletsa mizuwa ndiwo amabisika, ndipo mlimi amadzawadziwa pokumba. Kufufuta mchenga kuja nako kumatha kufufuta timadontho ta akangaude obiriwira pa tsamba, poti kwa foni timadontho totere ndi dothi loyenera kusesa.

Kuti foni ingathe kuika pa chithunzi zimene diso lake silinaone si nkhambakamwa. M'chaka cha 2023 kunabuka mtsutso pamene anthu anaonetsa kuti mafoni ena a Samsung, akajambula chithunzi cha mwezi chochititsidwa chimbuuzi mwadala, ankatulutsa mwezi wokhala ndi mawanga omveka bwino. Pa mwezi palibe amene angaluze mbewu. Pa tsamba, mlangizi azimitse AI, azimitse zosalalitsa nkhope ndi zochititsa chimbuuzi kumbuyo, ndipo asayatse nyali ya foni chifukwa imanyezimira pa tsamba n'kuphimba mawanga. Dzuwa la masana nalo limachita chimodzimodzi. Mthunzi wa thupi la wojambulayo kapena wa chipewa ndi wokwanira. Pepala loyera likaikidwa pambali pa tsamba limathandiza foni kuyeza mitundu moyenera, ndipo katswiri akaona kuti pepalalo latuluka lachikasu kapena labuluu amadziwa kuti mitundu yonse ya chithunzicho yapendekeka. Tsamba labwino la m'munda womwewo, loikidwa pambali pa lodwalalo, limanena zambiri kuposa mawu. Kamtengo ka machesi kapena cholembera chimasonyeza kukula kwa chinthu, popeza ndalama zachitsulo zimasiyana dziko ndi dziko ndipo katswiri wa ku Msekera sangadziwe kukula kwa ndalama ya ku Angónia.

Pamene woweruza ndi makina

Tsopano zithunzi zina sizipitanso kwa munthu. Bungwe la FAO linatulutsa pulogalamu ya pa foni ya FAMEWS m'chaka cha 2018 yothandiza kulondoloza kufalikira kwa ntchemberezandonda, ndipo pulogalamu ya Nuru, yomwe inakonzedwa ndi PlantVillage ya ku Penn State University mogwirizana ndi IITA, imazindikira matenda a chinangwa pa foni pomwepo popanda intaneti. Mapulogalamu oterewa amadalira chithunzi kuposa mmene munthu amachitira. Kafukufuku wa Mohanty, Hughes ndi Salathé wa mu 2016 anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi 54,306 za masamba a mbewu za mitundu 14, zojambulidwa mwadongosolo limodzi. Poyesedwa ndi zithunzi za gulu lomwelo kompyutayo inakhoza 99.35 peresenti. Itapatsidwa zithunzi zojambulidwa m'malo ena ndi m'kuwala kwina, inakhoza 31.4 peresenti yokha. Mapulogalamu a pambuyo pake anaphunzitsidwa ndi zithunzi za m'minda yeniyeni ndipo ndi olimba kuposa pamenepa, koma kuwala, mtunda ndi zinthu za kumbuyo kwa tsamba zimasinthabe yankho lawo.

Chotsalira ndi ulendo wa chithunzi. WhatsApp, yomwe alangizi ambiri amatumizirapo, kwa zaka zambiri yakhala ikuchepetsa chithunzi chotumizidwa mwa njira ya masiku onse kufika pa timadontho pafupifupi 1,600 m'litali, kutanthauza ma megapixel awiri. Pa chipata chimenechi foni ya 108 ndi ya 8 zimalingana. Mutu wa mbozi uja wojambulidwa pa mtunda wotenga mita imodzi umatsala ndi timadontho tinayi, pomwe wojambulidwa pafupi umatsala ndi timadontho 40, tokwanira kuonetsa chilembo cha Y. Mu 2023 WhatsApp inawonjezera batani la HD lomwe limasunga timadontho tochulukirapo. Kutumiza chithunzi ngati Document ndiko kumachisiya mmene chilili, pamodzi ndi tsiku, nthawi, ndi malo a GPS ngati mwini foni anawayatsa, zomwe njira ya masiku onse imachotsa. Kutero kumadya mayunitsi ambiri, ndipo kumadera kumene netiweki ndi yofooka chithunzi cha ma megabyte anayi chingathe kukhala pa mzere mpaka usiku. Njira yapakati ndiyo kudula chithunzi pa foni pomwepo, n'kusiya kachilombo kapena banga lokha ndi malo ochepa ozungulira, musanatumize kumene, kuti timadontho 1,600 tija tigwere pa chinthu chofunikacho.

Zithunzi zitatu zimakwanira pa vuto limodzi: cha munda chosonyeza ngati vuto lili paliponse kapena m'zigawo, cha mbewu yonse chosonyeza ngati lagwira masamba akale kapena atsopano, ndi chapafupi chotumizidwa chathunthu. Ngati ndi chinangwa, muzu udulidwe pakati n'kujambulidwa nthawi yomweyo usanasinthe mtundu. Ndipo diso la kamera, lomwe limakhala m'thumba limodzi ndi fumbi la m'munda ndi thukuta, lipukutidwe ndi nsalu yofewa chithunzi choyamba chisanajambulidwe.